Funso Lachisanu ndi Chiwiri

Pa fomu yathu, mmunsi mwa dzina ndi zaka,
pali funso lachisanu ndi chiwiri:
Kodi mukumwa mankhwala ena aliwonse?
Bambo Rüstem analemba kuti ayi,
ayi wotsindika, mpaka cholembera kuboola pepala.

Linali Lachiwiri. Mu Erzurum chipale chinali cha m'mawondo.
Analowa akukutumula chipewa,
basi yawo atamusiyira mnzawo pasiteji,
tsaya lili tutumba ngati abisamo dzira.
Dzino la kumapeto, kumanzere, linangotsala chitsa.
Ndinabaya jakisoni, tinadikira dzanzi,
ndinagwedeza, kugwedezanso,
linazuka ndi mizu yake itatu
n'kugwera m'kambale, gobede.

Lumani thonje, ndinatero.
Thonje linafiira. Lina. Linanso.
Sevgül, amene amandipatsira zipangizo,
analeka kuyang'ana wotchi
n'kuyamba kuyang'ana ine.

Bambo, kunyumba mumamwa chiyani?
Anapukusa mutu, maso ali gwa, osanama.
Nanga fungo ladutsa nsalu yanga yapamphunoli?

Aa, adokotala, anatero thonje lili mkamwa,
amenewo si mankhwala. Ndi adyo chabe.
Nazmiye amasenda mpaka zala kuthetheka,
amafinyiramo mandimu, botolo n'kulikulunga m'nsalu yakuda,
masiku makumi anayi kunsi kwa bedi.
Kapu imodzi mmamawa, kuti misewu ya mtima isatseke.
Madzulo tiyi wa jinja.
Ndiye timakapisozi ta masamba a mtengo wa ku China,
mnyamata wa pamsika anati timanola mutu,
poti ndayamba kuiwala masiteji.
Ndi kapiritsi ka mtima kaja, koma n'kakang'ono,
sindinafune kukutayitsani nthawi.

Kwa iwo mankhwala ndi a m'bokosi,
okhala ndi pepala lopinda kakhumi
limene palibe amaliwerenga.
Chomera m'dothi ndi chakudya,
chochokera m'manja mwa mkazi wawo ndi chisamaliro.
Angachilembe bwanji pa fomu ya mlendo?

Ndinasoka. Ulusi wakuda, mfundo zitatu.
Ndinapanikiza ndi chala changa
mpaka phewa kuuma, odwala panja kung'ung'udza,
mayi wina kugogoda kawiri.
Magazi anagonja mochedwa,
monyinyirika, ngati mwana woitanidwa pamasewera.

Mawu owadzudzula ndinali nawo kale pakamwa.
Ndinatsegula dilowa kufuna cholembera,
dzanja n'kugunda kabotolo kabulauni:
mafuta a karanfil, timisomali tonunkhira tija.
Mayi anga anandilongedzera m'sokosi
tsiku limene ndinkapita ku Ankara kukaphunzira za mano.
Usiku wa mayeso otsiriza dzino linandibaya,
mabuku onse ali yadzi patebulo,
ndipo sindinatsegule buku.
Ndinatsegula kabotolo.
Dokotala amene anandiona mawa lake
nayenso anandifunsa funso lachisanu ndi chiwiri.
Mukudziwa kale chimene ndinayankha.

Ndiye ndinangoti: Bambo, botolo la amayi lipume kaye
mpaka bala litapola.
Za mtimazo tikambirane ndi dokotala wanu,
zonse, mpaka za kunsi kwa bedi.
Mukamabwera pano, muzibwera ndi khitchini yonse pakamwa.
Anafuna kuseka, mfundo zinawaletsa.

Madzulo ndinatenga mafomu otsala,
ndinakhwatcha funso lija, ndi kulemba pamwamba pake:
Anthu amene amakukondani amakumwetsani chiyani?
Sevgül anati mayankho sakwana m'kabokosimo.
Ndinati azilemba kuseri.

Patatha sabata anabwera kudzachotsa ulusi.
Nkhama zinali zitapola bwino, zofiirira ngati za mwana.
Potuluka anasiya kanthu pampando,
kokulungidwa m'nsalu yakuda.
Nazmiye akuti mumagwira ntchito choimirira,
mtima wanu ukufunika kuusamala.

Botololo lili pazenera mpaka lero,
pakati pa bokosi la magolovesi ndi duwa louma.
Sindinalitsegule.
Sindinalitayenso.